Kuthokoza ofesi ya Bwanamkubwa wa boma la Mchinji pa chikumbutso cha Ambuye Ziyaye

Kwa a Bwanamkubwa,
Khonsolo ya Mchinji.

Bwana,

Ndalemba kalatayi m'malo mwa akhristu a tchalitchi chathu chaching'ono kuno kumudzi, pamodzi ndi mafumu omwe anagwira nafe ntchito, kudzathokoza ofesi yanu chifukwa cha zomwe munatichitira pokonzekera Misa yokumbukira malemu Ambuye Tarsizio Gervazio Ziyaye, omwe anali Arkiepiskopi wa Katolika wa Lilongwe. Misayo inachitika pa 14 Disembala, Lamulungu lachitatu la Adventi, tsiku lomwe zinakwana zaka zisanu Ambuyewo chitisiyireni. Komiti inagwirizana kuti tisangothokoza pakamwa, chifukwa zikomo wapakamwa amathera kwa yemwe wamumva, pomwe anthu amene anakhetsa thukuta ndi ambiri.

Pempho lathu, lomwe linadzera kwa a khansala ndi ku komiti ya chitukuko ya dera lathu (ADC), linali limodzi lokha: msewu. Kuchoka pa tala kubwera kutchalitchi kwathu pali dambo, ndipo kalavati wa pamenepo anali atatsekeka ndi mchenga komanso mapesi. Mvula itangoyamba, madzi anayamba kudutsa pamwamba. Akabaza ankatsitsa anthu tsidya lina, ngolo zinkatitimira mpaka m'matayala, ndiye tinkadzifunsa kuti bambo mfumu ndi agogo omwe sangathenso kuyenda mtunda adzafika bwanji. Kunena zoona, ambiri mwa ife tinkaganiza kuti yankho lidzakhala loti tidikire mvula ithe, ndipo sitikanakudandaulani, popeza misewu yofuna kukonza m'boma lino ndi yambiri.

Koma gireda inabwera, ndi tipa pambuyo pake. Ndikufuna ndikuuzeni bwinobwino za bambo woyendetsa giredayo, chifukwa mwina lipoti lomwe linafika patebulo lanu linangoti ntchito yatheka. Atafika sanayambe n'kupala. Anatsika, n'kupinda buluku, n'kuyenda dambo lonse ndi ndodo akubaya pansi kuti amve pomwe palimba ndi pomwe pali matope okhaokha. Ife tinkafuna angosalaza msanga tione msewu wokongola. Iwo anakana. Anatifotokozera kuti kupala matope nthawi ya dzinja n'kungowonjezera vuto, ndipo chofunika n'kuwapatsa madzi njira yawo. Anayamba ndi ngalande za m'mbali, kenako anakweza pakati pa msewu kuti madzi azitsetserekera uku ndi uku, ndipo pamalo oipitsitsa tipa inathira dothi la tsangalabwe. Achinyamata athu analowa m'kalavati ndi makasu ndi mafosholo, amayi akututa miyala pamutu. Nsima itapsa, bamboyo anadya ataimirira pafupi ndi makina awo, maso ali kumtambo womwe unkadera chakumadzulo. Mvula inagwadi madzulo ake, yamphamvu ndithu, ndipo m'mawa tonse tinathamangira kudambo kukaona. Madzi anali akudutsa pansi, msewu uli gwa.

Tithokozenso alangizi a zaumoyo omwe anabwera ndi ndowa zosambira m'manja ndi kolorini, komanso apolisi omwe anaimirira pamphambano kuwolotsa ana ndi okalamba.

Mwina ena muofesimo anafunsa kuti n'chifukwa chiyani boma livutikire mwambo wa mpingo umodzi. Funsolo ndi loyenera, ndipo ndiyankhe monga mmene ife tikuonera. Ambuye Ziyaye ndi mwana wa Mchinji. Anabadwa pa 19 Meyi 1949 m'mudzi wa Khombe, ndipo anadzozedwa unsembe pa 14 Ogasiti 1977. Uepiskopi unawapeza pa nthawi yomwe chisoti cha episkopi sichinali chaulemu chabe. Papa Yohane Paulo Wachiwiri anawasankha kumapeto kwa 1991 kuti akakhale episkopi wothandizira ku Dedza, ndipo anadzozedwa pa 23 Meyi 1992. Amene tinalipo tikukumbukira zomwe zinali zitangochitika. Pa 8 Malichi chaka chomwecho m'matchalitchi onse a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi yomwe inanena poyera za umphawi, malipiro ochepa, kumangidwa kwa anthu popanda mlandu ndi kutsekedwa pakamwa. Maepiskopi anaitanidwa kupolisi, Monsinyo John Roche, yemwe ankatsogolera dayosizi ya Mzuzu, anathamangitsidwa m'dziko muno, ndipo nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka inatenthedwa. Kupezeka ndi kalatayo m'thumba unali mlandu. Ambuye Ziyaye, ali ndi zaka 43, analowa m'gulu la maepiskopi omwewo moto usanazime.

Mu 1993, chaka cha riferendamu, anawasamutsira ku Lilongwe kuti akathandize Ambuye Matthias Chimole, ndipo mu 1994 anatenga udindo wonse wa dayosiziyo. Apa ndi pomwe ife a ku Mchinji tinawadziwira pafupi, chifukwa maparishi athu monga Guilleme, Ludzi, Kapiri ndi Kachebere ali pansi pa Lilongwe. Ambiri mwa abambo ndi amayi omwe lero akutsogolera miphakati analandira ulimbitso m'manja mwawo zaka zimenezo. Ine zomwe sindiiwala ndi kalankhulidwe kawo. Sankakweza mawu. Ankalankhula pang'onopang'ono, motsitsa, moti amayi ankatontholetsa ana kumbuyoko kuti mawu asawadutse, ndipo tchalitchi chodzaza chinkakhala chete osachita kuuzidwa. Masiku ano pomwe aliyense wogwira maikolofoni akuganiza kuti kukuwa ndiye kulalika, achinyamata athu akanaphunzirapo kanthu.

Mu 2001 anapita ku Blantyre kukalowa m'malo mwa Arkiepiskopi James Chiona. Ena kuno tinang'ung'udza kuti a kumwera atilanda, koma tikayang'ana m'mbuyo, zaka zimenezo n'zomwe Yunivesite ya Katolika inatsegulidwa ku Nguludi, mu 2006, ndipo lero kukuphunzira ana ochokera m'zigawo zonse, a mipingo yosiyanasiyana. Anakhalapo wapampando wa bungwe la maepiskopi a m'Malawi, komanso kuyambira 2008 mpaka 2014 anatsogolera AMECEA, bungwe la maepiskopi a m'maiko a kuvuma kwa Africa, lomwe msonkhano wake waukulu wa 2014 unachitikira ku Lilongwe. Pofika nthawi imeneyo n'kuti atabwerera kale kwathu kuno. Anabwera mu 2013 kudzalowa m'malo mwa Ambuye Rémi Sainte-Marie, Lilongwe itakwezedwa kukhala arkidayosizi mu 2011.

Anamwalira pa 14 Disembala 2020 ku Windhoek m'dziko la Namibia, komwe ankalandira chithandizo. Maliro awo anachitikira ku Lilongwe, ndipo ambiri mwa ife sitinapite. Unali mwezi wopalira ndi wothira feteleza, m'thumba mulibe ndalama ya minibasi, komanso Covid-19 inali ikutiopseza. Tinamvera pawailesi basi. Ndiye kwa agogo ambiri kuno, Misa ya pa 14 Disembala inali ngati kukhuza maliro omwe sanakhuze. Mukanaona mmene anabwerera, ena pangolo atakhala pamphasa, ena atakwezedwa pakabaza atagwira kolona m'manja, onse kudutsa padambo lija osatsika. Mayi wina wokalamba, yemwe wakhala akulandirira Ukaristia kunyumba chifukwa cha miyendo, tsiku limenelo anafika yekha kutsogolo kwa guwa atagwiriridwa ndi zidzukulu.

China chomwe tinayamikira ndi khalidwe la bwana yemwe munamutuma kudzakuimirirani. Anafika Misa isanayambe, anakhala pabenchi limodzi ndi mafumu, ndipo sanafunse mpando wa khushoni. Atapatsidwa mpata kumapeto analankhula mwachidule, za Ambuye Ziyaye zokhazokha, osalowetsamo ndale ngakhale pang'ono. Izi tazitchula dala. Tonse tikudziwa mmene miyambo ya maliro ndi zikumbutso imasandukira misonkhano yokopa anthu, womwalirayo n'kuiwalika. Pa mwambo wathu sizinatero, ndipo abale athu a CCAP, a Anglican ndi Asilamu omwe anabwera anakhala momasuka mpaka pa nsima. A gulupu athu, omwe si Akatolika, ndiwo anapereka mbuzi.

Msewu uja sunathere pa Lamulungu limenelo. Amayi oyembekezera akupita kusikelo pa njira yomweyo, ana a sukulu sakuvulanso nsapato padambo, ndipo alimi akuti mtedza ndi soya zikacha ogula adzafika ndi galimoto mpaka m'mudzi, osati kutidikirira pa tala n'kumatidula mtengo ponamizira mayendedwe. Ife kumbali yathu tagwirizana ndi mafumu kuti miphakati izisinthana kuchotsa mchenga m'ngalande ndi m'kalavati dzinja lonse lino, monga momwe woyendetsa gireda uja anatilangizira. Anatichenjezanso kuti kukamwa kwa kalavatiyo kukufunika kumangira ndi simenti mvula ya mu Febuluwale isanafike. Miyala ndi mchenga tayamba kale kututa, ndipo amisiri tili nawo mumpingo momwemo. Ngati ofesi yanu ingatitumizireko munthu wodziwa za misewu kudzationetsa kamangidwe koyenera, tidzathokoza kwambiri.

Amayi Akatolika anafuna kukutumizirani thumba la mtedza, koma a tcheya anati anthu angamve molakwika, ndiye mtedzawo wapita kwa odwala kuchipatala. Chonde kalatayi musangoiika m'faelo. Muiwerengetse kwa woyendetsa gireda, wa tipa, alangizi a zaumoyo ndi apolisi aja, chifukwa mayina awo sitinawalembe ndipo tilibe njira ina yowafikira. Bambo mfumu avomera kuti pa Misa ya Lamulungu likubwerali tidzapempherere ogwira ntchito onse a khonsolo ndi mabanja awo.

Mzimu wa Ambuye Tarsizio Gervazio Ziyaye uwuse mumtendere.

Ine wanu,
Mlembi wa komiti ya tchalitchi,
m'malo mwa akhristu ndi mafumu.