Lamulo la AI lisadikire chisankho cha 2030

Akonzi,

Ine ndikuti Nyumba ya Malamulo ipange lamulo loyendetsera AI (luso la makompyuta lotha kupanga mawu ndi mavidiyo ngati a munthu weniweni) panopa, tisadikire 2030 kuti tidzayambe kulira.

Ndimagulitsa kachewere pa Lizulu. Nthawi ya kampeni ya 2025 pa gulupu yathu ya WhatsApp panabwera voisi, mawu ake ngati a wandale wina wake akunyoza anthu a kuno. Mayi anga anaimvera katatu foni ili pakhutu, kenako amvekere "ndi yemweyu, mawuwa ndimawadziwa ine". Mphwanga amene amaphunzira za makompyuta ndi amene anatiuza kuti ndi zopanga pa AI, koma pofika apo voisi ija inali itazungulira kale msika wonse mpaka ku Tsangano, ndiye ungawatsate angati kukawauza kuti ndi bodza?

Anzathu a European Union anavomereza lamulo lawo la AI mu 2024, African Union nayo inatulutsa ndondomeko yake chaka chomwecho. Ife tili ndi lamulo la 2024 loteteza deta (zinsinsi ndi mbiri za anthu zosungidwa m'makompyuta), ndi poyambira pabwino koma sizikukwanira. Makina a AI amenewa eni ake ali ku America ndi China, za ife pa Lizulu sizikuwakhudza.

Lamulolo linene kuti voisi kapena vidiyo yopangidwa ndi AI izikhala ndi chizindikiro, m'Chichewa momwe, ndipo opanga zonamazi azilangidwa. Koma chonde lisakhale chikwapu chotsekera pakamwa atolankhani ndi otsutsa boma. MACRA ndi MEC abwere kumidzi kuno adzamve maganizo athu asanalembe, osangokumana mmahotela ku Lilongwe.

Wogulitsa kachewere,
Lizulu, Ntcheu