Mbalame za m'mitsinje ndi m'magombe zikufunika maso athu

Akonzi,

Ndikulemba kuchokera ku Johannesburg, ndipo ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndinene za chinthu chimene anzanga ena kuno amachiyesa masewera a azungu ndi anthu andalama, pomwe ine ndimachiona ngati nkhani ya madzi amene tonsefe timadalira. Chinthucho ndi kuyang'ana mbalame zokhala m'mbali mwa mitsinje ndi m'mphepete mwa nyanja.

Pa tchuthi cha Khirisimasi ndinapita ndi banja langa ku Durban, ulendo wa makilomita oposa 500 pa msewu wa N3. Tsiku lina mbandakucha ndinatsikira pamene mtsinje wa uMngeni umathira m'nyanja yamchere, ndipo pamchenga wonyowa ndinapeza timbalame totuwa tikuthamangitsa funde likamabwerera, n'kuthawanso likamabwera, tikujompha tizilombo timene madzi asiya. Bambo wina wachikulire amene anali ndi choonera patali anandibwereka, n'kundiuza kuti timbalameto timatchedwa sanderling, timaswana ku Arctic, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, ndipo timafika kuno pothawa chisanu chakwawo. Ine amene ndinasiya kwathu ku Zomba kudzafuna chakudya cha ana kuno, ndinaima nthawi yaitali ndikuyang'ana kanthu kochepa ngati chibakera changa kamene kayenda ulendo woposa wanga kutalitali pa chifukwa chomwecho.

Bamboyo anandifotokozeranso za mbalame yakuda ya mlomo wofiira yotchedwa oystercatcher, imene simanga chisa koma imangoikira mazira pakadzenje kosaya pamchenga kapena pamiyala, ndipo imachita zimenezi m'miyezi yomweyo imene magombe amadzaza ndi alendo. Mu 2001 boma la South Africa linaletsa anthu wamba kuyendetsa galimoto pamchenga wa m'magombe, ndipo lamuloli ndi chimodzi mwa zinthu zimene zinathandiza kuti mbalameyi ichulukenso. Lamulo limeneli linabwera, mwa zina, chifukwa panali anthu amene ankayang'ana, kuwerenga ndi kulemba zimene aona chaka ndi chaka.

Nditabwerera ku Joni ndinayamba kupita Loweruka m'mawa ku Delta Park, kumene kumadutsa kamtsinje ka Braamfontein Spruit. Kumeneko ndakumana ndi atsekwe, akakowa, timbalame tachikasu toluka zisa zolendewera pamwamba pa madzi, ndiponso nantchengwa, amene agogo anga ankatiletsa kwamtuwagalu kuphwasula chisa chake chachikulu chija. Tili anyamata tinkayenda ndi legeni ndi ulimbo, izi sindikana, koma tinkadziwa kulira kwa mbalame iliyonse, chakudya chake ndi nyengo imene imabwera. Nzeru imeneyi ndi yathu kuyambira kale, sitinaibwereke kwa munthu.

Chimene chikundiwawa ndi madziwo. Kamtsinjeka kamathira mu Jukskei, ndipo aliyense amene anaimapo pamlatho ku Alexandra akudziwa mapulasitiki, matewera ndi zonyansa za m'zimbudzi zimene mtsinjewo umanyamula. Madzi amenewa amalowa mu Crocodile, kenako mu Limpopo, mpaka kukathira m'nyanja ku Mozambique kufupi ndi Xai-Xai. Choncho jumbo imene munthu wataya m'ngalande muno m'tauni imakhudza mbalame za kugombe zimene iye sanazionepo. Pamene madzi awonongeka, nsomba, achule ndi nkhanu zimatha, ndipo mbalame zodya zimenezi zimasamuka mwakachetechete anthu asanayambe kudwala. Munthu woyang'ana mbalame ndiye amayamba kuzindikira kuti pavuta.

Ndikamanena izi mtima wanga uli kumudzi. Mtsinje wa Mudi ku Blantyre ndi mtsinje wa Lilongwe ikudwala matenda omwewa a zinyalala ndi madzi oipa. Nyanja ya Chilwa, imene inalowa m'ndandanda wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar mu 1996, inaphwa mu 1995 ndiponso mu 2018, ndipo nsomba zikasowa anthu ambiri amatembenukira ku mbalame za m'dambo kuti apeze ndiwo ndi ndalama. Sindingaloze chala munthu wanjala, koma ngati kutchera sikulemekeza nthawi yoswana, chaka chamawa njalayo idzakula. Dambo la Elephant Marsh ku Chigwa cha Shire linalandira ulemu womwewo mu 2017. Nkhwazi tinaiika pamwamba pa chizindikiro cha dziko lathu, koma nkhwazi imadya nsomba, ndipo singakhale pamadzi akufa.

Pempho langa ndi lakuti mutsegule kadanga, ngakhale kamodzi pamwezi, kamene owerenga azilembamo mbalame zimene aona pamtsinje kapena pagombe lakwawo, ndi mayina ake m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chitonga kapena m'Chitumbuka. Aphunzitsi amene amayendetsa makalabu a zachilengedwe m'sukulu, mothandizana ndi bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, angapeze pamenepo chophunzitsira chosafuna ndalama, chifukwa chofunika ndi kope, pensulo ndi kulawirira.

Mwana wanga wamkazi, amene anabadwira kuno, anaona ku Delta Park mbalame ya mawanga akuda ndi oyera itaima m'malere ikukupiza mapiko, kenako n'kudziponya m'madzi ndi kutuluka ndi kansomba kukamwa. Buku lake la Chingerezi limaitcha pied kingfisher, koma iye akufuna dzina limene agogo ake akanatchula. Asodzi a ku Mangochi, Nkhotakota ndi Kachulu amaiona tsiku ndi tsiku, ndipo ndikuwapempha kuti atilembere dzinalo kudzera m'nyuzipepala ino, ine ndidzamuwerengera.

Ine wowerenga wanu,
Johannesburg