Kalata kwa Naphiri: za njoka ndi mvula

Wokondedwa Naphiri,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi bambo akunyumba ndi ana ku London kumeneko. Kuno tadzuka, kungoti dzuwa la Okutobala latipsereza. Minda tasosa kale, tikungodikira kumwamba.

Zithunzi za ku British Museum zija ndaziona. Wati mtsikana wako anadabwa ndi njoka ya pachipumi pa mafumu a ku Iguputo, kenako n'kukufunsa ngati ife Achewa tili nazo nkhani zotere, iwe kukamwa pululu. Koma Naphiri, iwe wobadwira m'munsi mwa Dzalanyama! Njoka ya pachipumiyo ndi Wadjet, mulungu wamkazi woteteza mfumu. Analinso ndi ina yoipa, Apep, imene usiku uliwonse inkalimbana ndi Ra, mulungu wa dzuwa, kuti kunja kusache. Ifenso tili nazo ziwiri, yosunga ndi yowononga, koma zathu nkhani yake ndi madzi.

Umuuze kaye za Thunga. Ku Msinja, m'dera la Lilongwe, kunali kachisi wa Chisumphi, lomwe ndi dzina lina la Mulungu, ndipo mwini mphamvu pamenepo anali mayi, Makewana. Iyeyu sankakwatiwa ndi munthu poti anali mkazi wa Mulungu, ndipo womuyendera anali Thunga, njoka. Makewanayo tsitsi sankameta, ankati akameta ndiye kuti wadula mvula. Ankatumikiridwa ndi atsikana otchedwa Matsano, ndipo pakachisipo pankasungidwa ng'oma yopatulika, Mbiriwiri. Chilala chikafika povuta, mafumu ankatumiza mphatso kuti akapemphe mvula, ndipo nsembe yake inkakhala yakuda: mbuzi yakuda, nsalu yakuda. Chifukwa chake n'chapafupi, mtambo wobweretsa mvula ndi wakuda. Apa umufotokozere mofatsa, pajatu kumeneko amuphunzitsa kuti chakuda ndi cha maliro basi.

Kumunsi kwa Shire, Amang'anja ali ndi Mbona wa ku Khulubvi ku Nsanje. Nthano yake imati anali wodziwa kuvinira mvula, adani ake n'kumuchitira nsanje, kumuthamangitsa mpaka kumudula mutu. Magazi ake anasanduka mtsinje wa Ndione, mutu n'kuikidwa m'nkhalango ya Khulubvi. Amakhala ndi mkazi wake, dzina la udindowo ndi Salima, ndipo amati Mbona amadza kwa iye ngati nsato. M'nkhalangomo sulowa ndi nsapato, nkhwangwa ndiye usayerekeze n'komwe. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti m'madera ambiri mitengo inathera makala ndi nkhuni, koma ya ku Khulubvi ilipobe, ndipo manda a kumudzi kwathu nawonso ndi okhawo atsala ndi mitengo ikuluikulu. Aboma amadzala mitengo chaka ndi chaka, nduna n'kujambulitsa itagwira khasu, koma mitengo yakhalitsa ndi ya mizimu.

Ukukumbukira kasupe wa kudambo uja tinkatungako? Tsiku lina anyamata anapeza nsato itadzipinda pamizu ya mkuyu, n'kuthamangira miyala ndi zibonga. Agogo anga anatula ndowa pansi, n'kuima pakati pa anyamatawo ndi njoka, manja m'chiuno. Anati mukaipha kasupeyu auma, ndiye muzikamwa kwa amanu. Atatero anagwada chapatali, n'kuomba m'manja pang'onopang'ono mpaka nsatoyo inatambasuka n'kulowa m'mabango. Agogo omwewo Lamulungu anali patsogolo m'tchalitchi. Ife tinakula ndi njoka imodzi yokha m'mutu, ya m'munda wa Edene, ndiye iliyonse tikaiona timangoti Satana. Ine ku Chigwirizano sindijomba, ukudziwa, koma sindivomera kuti makolo athu ankapembedza mdyerekezi. Ankaona kuti pamene pali nsato pali chinyontho, n'kupalemekeza.

Tsono yoopsa ija ndi Napolo. Amati imakhala pansi pa phiri, ndipo ikafuna kusamukira kunyanja imang'amba phirilo, n'kutsika ndi madzi, matope, miyala ikuluikulu ndi mitengo yozuka ndi mizu yomwe. Inadutsa ku Zomba mu Disembala 1946, inadutsanso ku Phalombe mu Malichi 1991 kuchokera m'phiri la Michesi, anthu ambiri n'kutsikira kulichete. Namondwe Freddy atagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mu Malichi 2023, dzina lomwelo linamvekanso pakamwa pa anthu. Asayansi amati dothi la paphiri likamwa madzi masiku angapo limalemera n'kusiyana ndi thanthwe la pansi, makamaka pamene mitengo inadulidwa. N'zoona, sinditsutsa. Koma ukaona chipsera chimene chimatsala paphiri, chofiira, chokhotakhota kuyambira pamwamba mpaka m'munsi, sufunsanso kuti za njoka anazitenga kuti. Akuluakulu ankanenanso kuti pamene Napolo wadutsa adzadutsanso, usamangepo. Ife tinamangapo, ena chifukwa chosowa malo, ena chifukwa chonyoza.

Za ku Kaphirintiwa, kumene amati anthu oyamba anatsikira ndi mvula atanyamula khasu, lichero ndi mtondo, mapazi awo n'kudindika pathanthwe, ndidzakulembera padera. Pali za moto, za nadzikambe ndi za kangaude amene anakweza Chauta kumwamba, ndipo pepala lino silingakwane.

Mukabwera pa holide ya Ogasiti, tidzapite naye mwanayo ku Mua, ku Kungoni, akaone zigoba za Gule Wamkulu, kenako ku Chongoni ku Dedza kuli zojambula zakale za pamiyala zimene UNESCO inazilemba m'kaundula wake mu 2006. Undiuziretu tsiku lofika kuti ndipeze galimoto, minibasi simungapirire nayo ndi ana. Amayi akuti mafuta opaka m'mawondo aja atha, usadzaiwale.

Moni kwa onse.

Ndine mnzako,
Nabanda