Nthawi yolembedwa pa tikiti ya ndege isatisokoneze

Akonzi,

Ndipatseni danga m'nyuzipepala yanu kuti ndifotokozeko chinthu chimene chimasokoneza mabanja ambiri amene abale awo amapita ku Australia kudzera ku Johannesburg. Anthu amaona nthawi yonyamuka ndi nthawi yofika pa tikiti, n'kuchotsera, basi n'kumati adziwa kutalika kwa ulendo. Kuwerengera kotereku n'kolakwika, ndipo ndi kumene kumachititsa makolo kuchezera usiku akuyang'ana foni, mtima uli m'mwamba, pomwe mwana wawo akadali mumlengalenga bwinobwino.

Kuchokera ku bwalo la ndege la OR Tambo ku Johannesburg kukafika ku Sydney, mzinda wa ku Australia, pali mtunda wa makilomita pafupifupi 11,000. Ndege ya kampani ya ku Australia ya Qantas imatenga maola pafupifupi 12 popita, koma pobwerera imatenga maola pafupifupi 14, chonsecho mtunda wake ndi womwewo. Chifukwa chake ndi mphepo yamphamvu imene imaomba kumwamba kwenikweniko kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa: popita ku Sydney imakankha ndege kuchokera kumbuyo, pobwerera imaitsekereza kutsogolo, monga zimachitikira munthu akamapalasa njinga moyang'anizana ndi mwera. Komanso ndegeyi siyenda mzere woongoka umene timauona pa mapu a kusukulu. Popeza dziko ndi lobulungira, njira yachidule imakhotera kumwera kwambiri, pamwamba pa nyanja yozizira yopanda mzinda ngakhale umodzi, moti nthawi zina okwera amatha kuona madzi oundana a kufupi ndi Antarctica, dera lozizira la kumwera kwenikweni kwa dziko lapansi, pawindo.

Koma chimene chimasokoneza kwambiri ndi wotchi. Nthawi ya ku Johannesburg ndi yofanana ndi yathu kuno, pamene Sydney ili patsogolo ndi maola 8, ndipo kuyambira mu Okutobala mpaka mu Epulo kusiyanaku kumafika pa maola 9. Tikiti imalemba nthawi ya kumalo kumene ndege ikunyamuka ndi nthawi ya kumalo kumene ikukatera. Ndiye munthu wonyamuka ku Johannesburg madzulo amaoneka ngati wayenda maola 20, pamene wonyamuka ku Sydney m'mawa amaoneka ngati wayenda maola 6 okha, ngakhale kuti ndi iyeyo amene wakhala pampando nthawi yaitali, miyendo itachita kutupa.

Tisaiwale kuti pamene Qantas inayamba ulendowu mu 1952, ndege inkaima ku Perth, ku zilumba za Cocos ndi ku Mauritius, ndipo ulendo unkatenga masiku oposa awiri. Maola 14 a lero si kanthu, bola munthu awadziwe asanakwere.

Pempho langa kwa ogulitsa matikiti m'mizinda yathu ndi lakuti azimuuza wogula aliyense maola enieni amene akhale mumlengalenga, ndiponso amulembere nthawi imene akafike malinga ndi wotchi ya kuno ku Malawi, kuti otsala pakhomo adziwe ola loyembekezera uthenga.

Ine wowerenga wanu,
Lilongwe