Kwa eni kampani yogula magalimoto ku Birmingham: bwezani buku langa la sevisi ndi £210.30 yanga

Bambo eni kampani, ndakulemberani pa WhatsApp, ndaimba foni mpaka kutopa, ndipo aliyense woyankha amangoti muli pamsonkhano. Ndiye ndabwera pano pomwe mumaika zithunzi za magalimoto anu, poti pano munthu akangofunsa mtengo mumayankha nthawi yomweyo. Dzina la kampani yanu sindilitchula lero. Inu mukudzidziwa, ndipo mnyamata wanu wa jekete lachikasu uja akudzidziwanso.

Abale anga amene mukuwerenga, imvani bwino. Ine ndi bambo a kunyumba tili ndi motorhome, galimoto ija yokhala ndi pogona, pophikira, firiji ndi bafa mkati momwemo. Ndi ya 2013, yomangidwa pa Fiat Ducato, injini ya dizilo ya 2.3, ndipo yangoyenda mamailosi 41,300. Kulemera kwake kololedwa ndi makilogalamu 3,500, choncho aliyense wokhala ndi layisensi wamba atha kuiyendetsa. Chimenechi ogula amachifuna kwambiri, chifukwa amene anapeza layisensi kuno ku Britain kuyambira 1997 sanapatsidwe C1 yoyendetsera zolemera kuposa pamenepo. Tinaigula ndi ndalama za mashifiti ausiku. Tayenda nayo ku Wales, ku Lake District, mpaka ku Blantyre ya ku Scotland kukaona kumene anabadwira David Livingstone. Chaka chatha bambo anadwala sitiroko, dzanja lamanzere siligwiranso bwino ndipo mawu amatuluka pang'onopang'ono. Tinakhala pansi n'kugwirizana kuti galimoto igulitsidwe, ndalama zake zikafolere nyumba yathu ku Zomba.

Makampani ogula magalimoto oterewa ndi ambiri kuno. Ndinasankha inu chifukwa mumalengeza m'Chichewa kuti ndinu athu, mumagula magalimoto, ena mumagulitsa konkuno, ena mumatumiza kumudzi kudzera ku Dar es Salaam. Ndinati phindu likhale la mwana wa kwathu. Cha kumayambiriro kwa mwezi watha ndinakutumizirani zithunzi za mkati ndi kunja, nambala ya galimoto, ndi chithunzi cha V5C, chikalata cha boma chosonyeza amene galimoto inalembetsedwa m'dzina lake. Inuyo bambo, ndi foni yanu, munalemba kuti mugula pa £24,500 bola ikhale monga ikuonekera pazithunzi. Munatinso nditumize £150 yoti woyeza wanu aiyang'ane, ndipo tikalephera kugwirizana mubweza yonse. Ndinatumiza tsiku lomwelo. Uthenga wanu ndili nawo, umboni wa ku banki ndili nawo.

Linali Loweruka lina, mvula ikugwa kuyambira ku Manchester mpaka kukafika, ine pachiwongolero mumsewu wa M6, bambo pambali panga. Bwalo lanu lili mkati mwa msewu wozungulira wa A4540, m'dera limene mzinda wa Birmingham umalipiritsa magalimoto a dizilo akale kuyambira 2021, ndiye ndinalipira £8 ya tsikulo. Dizilo wopita ndi kubwerera anandidya £52.30. Shifiti imene ndinasiya kuntchito sindikuiwerengera n'komwe.

Tinafika pa nthawi imene munatiuza. Inu kunalibe. Tinadikira m'galimoto mpaka tiyi wa mu fulasiki anatha. Kenako mnyamata wanu anatulukira foni ili kukhutu. Ndinatsika n'kumupatsa moni, iye osayankha. Atamaliza foni yake anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kufunsa kuti, “Mwini wake ali kuti?” Ndinamuuza kuti mwini wake ndine, dzina la pa V5C ndi langa. Anaseka, n'kunena kuti, “Amayi, za injini izi ndi za amuna, musavutike nazo.” Anazungulira kupita kuzenera la bambo n'kuyamba kuwafunsa mafunso mokuwa ngati akulankhula ndi munthu wosamva. Bambo anayesa kuyankha. Munthu wodwala sitiroko amafuna umupatse mpata, mawu amabwera ndithu. Mnyamata wanu sanadikire. Anatembenukira kwa mnzake n'kunena, ife tikumva, kuti, “Madala awa sitimvana nawo, abwera kudzatitayitsa nthawi.”

Bambo eni kampani, mwamuna ameneyu waphunzitsa ana a anthu masamu zaka zambiri, kumudzi ndi kuno. Msinkhu wake ndi wa bambo ake a mnyamata wanu. Anangoweramitsa mutu n'kukhala chete, ndipo ulendo wonse wobwerera sanatulutse mawu. Mwina kwa inu ndi nkhani yaing'ono. Kwa ine imeneyi ndiyo yandilembetsa pano, kuposa ndalama. Mwana ameneyu analeredwa kuti? Kodi inu mukudziwa kuti ndi mmene amalandirira anthu pabwalo panu?

Tsono kuyeza kwake. Kwa £150 yanga, mnyamata wanu sanayang'ane pansi pa galimoto, sanayatse gasi, sanatsegule mpopi, sanayese firiji kapena chotenthetsera madzi, sanaiyendetse ngakhale kukafika pageti. Anatsegula boneti, anaitseka. Analowa mkati ndi nsapato zamatope papepala loyera limene ndinayala, anasiya chitseko chili pululu mvula ikuwomba, natenga kachipangizo koyezera chinyontho n'kukabaya pafupi ndi chitsulo cha zenera pomwe panali nthunzi ya mpweya wathu. Anati chinyontho chafika 30 peresenti, khoma likuwola. Analowa mu ofesi, anatuluka ndi kapepala kolembedwa £17,800. Kuchoka pa £24,500. Ndalama zokwana £6,700 zathothoka munthu asanagwade n'komwe kuti aone matayala. Iyi si mbuzi ya pamsika wa Lunzu yoti mungoigwira msana n'kunena kuti yaonda.

Zifukwa zake ndiziyankha pano pagulu, poti pabwalo panu sanandipatse mpata.

Za chinyontho ndikuzidziwa, chifukwa ndicho chimapha magalimoto oterewa. Madzi akalowa pa zenera kapena padenga, matabwa a mkati mwa khoma amawola mwakachetechete. N'chifukwa chake chaka chilichonse timaipereka ku galaja yovomerezeka kuti ayeze mbali yogonamo: gasi, magetsi, mapaipi a madzi ndi chinyontho. Oyeza enieni amati pansi pa 15 peresenti palibe vuto, pakati pa 15 ndi 20 pafunika kuyang'ananso, kupitirira 20 ndiye pali nkhani. Amayeza malo ambirimbiri, m'makabati, pansi pa bedi, kuzungulira denga, n'kulemba nambala ya malo aliwonse. Amadziwanso kuti nthunzi ndi chitsulo zimanamiza kachipangizoko. Lipoti lathu lomaliza, la miyezi yochepa yapitayi, nambala yake yapamwamba ndi 12. Ndinamuonetsa mnyamata wanu. Anati mapepala aliyense atha kulemba. Ndinamupempha abayenso m'kabati kapena pansi pa bedi ine ndikuona. Anati alibe nthawi.

Anatinso lamba wa injini watsala pang'ono kuduka. Anamuona bwanji, poti lambayo amakhala m'chotchinga? Lamba tinasinthitsa pamodzi ndi pampu ya madzi, lisiti lake ndi la £640, ndipo nthawi yosinthanso sinakwane. Anatchulanso sefa ya utsi, DPF ija, kuti mwina yatsekeka. Sefa imeneyi imatsekeka pa galimoto yongozungulira m'tauni timaulendo tifupitifupi. Yathu inkayenda maulendo aatali okhaokha, ndipo nyali yochenjeza sinayakepo. Mbiri yonse ya MOT, kuyeza kwa chaka ndi chaka koona ngati galimoto ili yoyenera pamsewu, ili pa tsamba la boma la GOV.UK, yaulere, munthu amangolemba nambala ya galimoto n'kuona mamailosi a chaka chilichonse ndi zimene oyeza anapeza. Nambalayo munali nayo kalekale. Munayang'ana?

Chifukwa chomaliza ndicho chinandipsetsa mtima koposa. Anati galimoto ndi ya Euro 5, muyezo wakale wa utsi wa injini, palibe amene akufuna dizilo wakale masiku ano. Ndikudziwa kuti ndi ya Euro 5. Ndikudziwa kuti ikalowa mu London imalipira £12.50 patsiku, kuchokera pamene ULEZ, dera lolipiritsa magalimoto otulutsa utsi wambiri, inafalikira mumzinda wonse mu 2023, ndipo ku Bristol nakonso imalipira. Koma bambo, chaka cha 2013 chinali pa V5C imene munaona musanalembe £24,500. Galimoto sinakalambe pa M6. Ngati Euro 5 inali vuto, bwanji simunanene ndili kunyumba kwanga? Komanso amene amagula motorhome sagulira kupita nayo kuntchito pakati pa London, amagulira kupita kunyanja ndi kumapiri. Nditamuuza zimenezi anasintha nyimbo, akuti mukufuna kuitumiza kumudzi ndipo msonkho wa MRA umakwera galimoto ikakhala yakale. Chabwino, zaka zake simunazidziwe? Ndi chiyani chimene chinasintha pakati pa uthenga wanu ndi kufika kwanga, kupatula kuti tsopano ndinali kutali ndi kwathu, ndawononga dizilo, ndili ndi wodwala m'galimoto?

Ine ndikuona kuti imeneyi ndi njira yanu. Mumalemba mtengo wokoma kuti munthu anyamuke, akafika atatopa mumaugwetsa, podziwa kuti ambiri amangovomera kuti asabwerere chimanjamanja. Ngati ndikunama, bwerani pano munditsutse.

Ndinakana. Apo mnyamata wanu anatulutsa cholembera n'kunena kuti ndisayine kachigawo kachikasu ka V5C, kaja kamene munthu amadzaza akagulitsa galimoto kwa ochita malonda a magalimoto, ndisiye makiyi, za mtengo tikambirana ndi abwana Lolemba. Abale anga, mwamva? Ndisayine kuti galimoto yachoka m'manja mwanga, ofesi ya boma yolembetsa magalimoto ya DVLA idziwitsidwe, ndalama ndisanaione. Ndikanabwerera bwanji ku Manchester ndi munthu wodwala? Pa basi? Ndinamuuza kuti sindisayina kanthu, andipatse mapepala anga ndizipita.

V5C ndinailanda m'manja mwake. Koma buku la sevisi, malipoti onse a chinyontho ndi lisiti la lamba anali atazitengera mu ofesi, akuti akajambule. Nditazifunsa anati ofesi yakhomedwa, kiyi wapita ndi mnzake, mudzanditumizira pa positi. Ofesi imene anali atangotulukamo kumene. Ndinagogoda, ndinadikira, bambo anayamba kunjenjemera ndi kuzizira, ndinanyamuka.

Masabata adutsa, positi palibe chabwera. Mukudziwa bwino lomwe kufunika kwa buku limenelo. Motorhome yokhala ndi zidindo zonse za sevisi ndi malipoti a chaka ndi chaka ili ndi mtengo wina, yopanda mapepala ili ndi mtengo wina. Posachedwapa banja lina la ku Stockport linabwera kudzaiona, linaikonda, litafunsa buku la sevisi ine n'kuyamba kufotokoza nkhani yanu, linati liganize kaye. Silinabwerenso. Ndipo sindingaliimbe mlandu, inenso sindingagule galimoto ya ndalama zoterezi pongomva mawu. Galaja yathu yati ithandiza kusindikizanso malipoti, koma zidindo za mwini wake woyamba zili m'buku lokhalo limene lili mu kabati yanu. Kodi mukulisunga kuti nditope ndibwerere kwa inu pa £17,800? Ngati ndi choncho, iwalani. Galimoto imeneyi simudzaiona pabwalo panu.

Zimene ndikufuna ndi izi. Buku la sevisi, malipoti ndi lisiti mutumize pa positi yosayinira, mundipatse nambala yolondolera. Mubweze £150 imene munalonjeza ndi dzanja lanu, pamodzi ndi £52.30 ya dizilo ndi £8 ya mzinda, zonse £210.30. Ndipo inuyo bambo muimbire amuna anga foni muwapepese, muwapatse nthawi yoti ayankhe. Mnyamatayo sindikufuna kumva mawu ake.

Kalata yochenjeza ndisanapite kukhothi ndaitumiza lero, ndipo ikukupatsani masiku 14. Akatha, ndikadandaula ku bungwe lolangiza anthu la Citizens Advice, amene amapereka nkhani zoterezi ku Trading Standards, ofesi yoona kuti malonda akuchitika mwachilungamo, kenako ndikasuma ku khothi la milandu ing'onoing'ono. Mlandu wosapitirira £300 amalipiritsa £35 yokha, ndipo ndikapambana imeneyonso idzakhala pamutu panu. Tsiku lomwelo ndidzaika pano dzina la kampani yanu, uthenga wanu wa £24,500 ndi kapepala ka £17,800, ndipo ndidzazitumizanso m'magulu onse a Amalawi amene ndilimo, kuyambira la kumpingo mpaka la maliro. Musaganize kuti poti ndife a dziko limodzi ndiye ndichita manyazi. Kukhala a dziko limodzi ndiko kunandinyamula kubwera kwa inu, ndipo inu munakugwiritsa ntchito pondipusitsa.

Anzanga, ngati alipo wina amene anthu awa anamulembera mtengo wina n'kumupatsa wina atafika, andilembere kumbali, tipite limodzi ku Trading Standards. Amene mukuganiza zowapititsira galimoto, mapepala enieni asachoke m'manja mwanu, apatseni zithunzi, ndipo kachigawo kachikasu musasayine ndalama isanalowe mu akaunti yanu. Amene mukulemba kale kuti nkhani za pachibale tizikambirana kuseri, kuseriko ndayesa mwezi wathunthu ndipo ndimauzidwa kuti abwana ali pamsonkhano.

Bambo eni kampani, nambala yanga muli nayo, akaunti imene inatumiza £150 mukuidziwa. Masiku 14 ayamba lero.