Kalata Yotseguka kwa Bambo Rafael Grossi, Mkulu wa IAEA, Bungwe Loona za Mphamvu ya Nyukiliya Padziko Lonse

Wolemekezeka Bambo Grossi,

Ndikukulemberani pa nkhani ya Iran, ndipo pempho langa ndi lakuti muchite chilichonse chotheka kuti akatswiri anu abwerere ku malo a nyukiliya a dzikolo ku Natanz, Fordow ndi Isfahan, ndipo zimene akaone kumeneko mudzazinene momwe ziliri, osakokomeza kapena kuchepetsa pofuna kukondweretsa boma lililonse.

Pangano la 2015 la pakati pa Iran ndi mayiko akuluakulu linkalola Iran kuyenga yureniyamu, chitsulo chopangira magetsi ndi mabomba a nyukiliya, mpaka 3.67 peresenti basi, ndipo bungwe lanu linatsimikizira mobwerezabwereza kuti malirewo ankatsatidwa, kufikira pamene America inatuluka m'panganolo mu 2018. Kuchokera mu 2021, Iran inakweza mlingowo kufika pa 60 peresenti, womwe uli pafupi kwambiri ndi 90 peresenti yopangira bomba, ndipo dziko longofuna magetsi silifunika kufika pamenepo. Apa Iran ili ndi mafunso oti iyankhe, ndipo simunalakwe kuipanikiza. Komabe mabomba amene Israel ndi America anaponya mu Juni 2025 anaphwanya nyumba ndi makina, koma sanatiuze kumene kuli yureniyamu ya 60 peresenti yoposa makilogalamu 400 imene akatswiri anu ankaiwerengera nkhondo isanayambe. Funso limeneli lingayankhidwe ndi munthu yekhayo amene waloledwa kulowa, kupima ndi kuona ndi maso.

Kumbukirani za North Korea, imene inathamangitsa oyendera anu mu Disembala 2002, n'kutuluka m'pangano loletsa kufalikira kwa zida za nyukiliya mu 2003, kenaka n'kuphulitsa bomba lake loyamba mu 2006. Madzi akatayika saoleka. Kumbukiraninso Bambo Mohamed ElBaradei, amene anakhalapo pa mpando wanuwo, omwe mu Marichi 2003 anauza Khonsolo ya Chitetezo ya United Nations kuti zikalata zonena kuti Iraq inkagula yureniyamu ku Niger zinali zachinyengo. Sanawamvere, nkhondo inachitika, koma zida zoopsa zimene ankati Iraq ili nazo sizinapezeke, ndipo ulemu umene bungwe lanu lili nawo lero unachokera pa kulimba mtima koteroko.

Akuluakulu a ku Tehran akudandaula kuti Israel, imene sinasaine pangano loletsa kufalikira kwa zida za nyukiliya lija, sifunsidwa mafunso otere, ndipo dandaulolo si lopanda maziko, ngakhale silichotsa udindo umene Iran inavomera yokha posaina. Choncho musatope kukambirana nawo. Ngati atalola kuti muyambe ndi malo amodzi okha, vomerani, tumizani akatswiri, ndipo muuze mayiko a mu bodi yanu ku Vienna poyera kuti kuphulitsa malo amene ali m'manja mwa oyendera kumapatsa dziko lililonse chifukwa chobisira ntchito zake.

Ine wanu,
Mmodzi mwa okhudzidwa ndi nkhaniyi