Nyimbo za amayi zikuyenda, mayina awo akutsalira pakhomo

Akonzi,

Ndikulemba kuchokera ku Luchenza, kumene ndimachita geni yobwereketsa zimkuzamawu pa maukwati, zinkhoswe, ma bridal shower ndi misonkhano ya mipingo. Nkhani yanga ndi ya amayi ndi atsikana amene amapeka nyimbo zawo n'kumaziyimba okha ndi gitala wopanda magetsi, opanda bandi, opanda kampani yowayang'anira. Alipo kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje, ndipo angapo a iwo amayimbira pa maikolofoni anga. Chikundiwawa n'chakuti nyimbo zawo zimayenda ndithu, umakazimva ku Limbuli, ku Bvumbwe, ku Thekerani, koma mayina a eni ake safika nawo kumeneko. Dzina likatsala, ndalama nayonso siibwera.

Tikamakamba za gitala ndi banjo m'dziko muno timatchula abambo okhaokha. Allan Namoko wa konkuno ku Thyolo ndi Chimvu River Jazz Band, Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, agogo Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu. Onsewa ndimawalemekeza, ndipo ndikudziwa kuti a Namoko anamwalira mu 1995 ali osauka ngakhale nyimbo zawo zinkalira pa wayilesi tsiku ndi tsiku. Komabe dzina lawo lilipo. Mwana wa sukulu akamva banjo ija amadziwa kuti ndi Namoko. Nanga tchulani mayi mmodzi wa nthawi imeneyo amene timamudziwa ndi dzina kuti ankapeka nyimbo kumudzi. Mukhala chete. Kodi amayi sankapeka? Nanga nyimbo za pamtondo zinkagwa kuchokera kumwamba? Mayi akayambana ndi apongozi, mwamuna akapita ku Joni osalemba kalata, mkazi mnzake akamulanda banja, mayiyo ankaika zonsezo m'nyimbo akusinja, mudzi wonse n'kumva uthengawo popanda womuimba mlandu. Atsikana anali ndi nkangala, kauta ka bango kamene ankakagwira pakamwa n'kumakaliza okha akasungulumwa. Agogo anga aakazi ankatha kukuuza kuti nyimbo yakutiyakuti anayambitsa ndi mayi uje wa kutsidya kwa Thuchila, chaka cha njala. M'mudzi mwini nyimbo ankadziwika. Koma nyimbo zoterezi zikafika pa MBC, pa pologalamu ya Nyimbo za M'maboma, ife omvera tinkangodziwa kuti akuyimba ndi amayi a boma lakuti. Pamenepo m'pamene mwini wake ankasowera.

Wina anena kuti zimenezo n'zakale. Ayi, zikuchitika lero, ndipo mwachangu kuposa kale. Mtsikana akayimba nyimbo yake pa bridal shower, mafoni asanu amakhala ali m'mwamba kujambula. Madzulo omwewo ili pa WhatsApp. Sabata isanathe anyamata a pamsika olowetsa nyimbo m'mafoni ndi m'mamemore aiika kale pa kompyuta, m'gulu la nyimbo za lokolo, yopanda dzina la munthu. Kenaka imafika kwa mnyamata wina wa m'tauni amene ali ndi situdiyo, iye n'kuikamo ng'oma za pa kompyuta, n'kuitulutsa akunena kuti waukitsa nyimbo ya makolo.

Apa m'pamene ndikufuna owerenga amvetse bwino, chifukwa nkhaniyi ikukhudza lamulo. Lamulo lathu loteteza ntchito za aluso, limene linakonzedwanso mu 2016, limasiyanitsa zinthu ziwiri. Nyimbo imene ili ndi woipeka wodziwika ndi yake moyo wake wonse, ndipo akamwalira ana ake amadyererabe kwa zaka 50. Koma nyimbo za makolo, zimene woyambitsa wake sadziwika, lamulo limaziika m'manja mwa boma m'malo mwa Amalawi onse. Ndiye munthu akatenga nyimbo imene mayi wamoyo anapeka chaka chatha n'kuitcha ya makolo, wamuchotsa mayiyo pa mndandanda wa olandira. Wokonzanso uja amalembetsa dzina lake, wayilesi imalipira, ndalama n'kupita kwa iye. Mayi uja akadali ku esiteti kuthyola tiyi.

Sindikunena zongoganiza. Namondwe wa Freddy atawononga kuno mu Marichi 2023, mayi wina wachitsikana amene ndimamudziwa, wothyola tiyi ku mbali ya Mulanje, anapeka nyimbo yolira mlamu wake amene madzi anamutenga osapezekanso. Gitala anaphunzira kwa mchimwene wake, ndipo amaliza ndi zala ziwiri basi, chala chachikulu chikugunda nsambo zam'mwamba ngati ng'oma. M'nyimbomo amatchula zinthu zimene anasiya malemuwo, khasu, nsapato za mphira, ngongole ya kubanki m'khonde, n'kumafunsa kuti abweza ndani. Anayimba pa mwambo wina wa amayi ine ndili pa makina, ndipo amayi akuluakulu anaphimba nkhope ndi zitenje. Patapita miyezi, munthu wina wojambula nyimbo anamuitana, anamujambula, anamupatsa ya thiransipoti ndi ya sopo, n'kumuuza kuti adikire. Akudikirabe. Nyimboyo ndinadzaimva mu minibasi ya ku Limbe ikuyimbidwa ndi mawu a mwamuna, gitala atachotsedwa, mawu ena atasinthidwa kuti ivinike. Mayiyo atafunsa anauzidwa kuti nyimbo za maliro n'za aliyense. Analibe pepala lililonse. Ine ndinakwiya mpaka lero, chifukwa ndinaliko tsiku limene nyimboyo inamveka koyamba, ndipo ndikudziwa kuti si ya aliyense.

Anthu ena amaganiza kuti woyimba ndi gitala yekha alibe zowonongera ndalama, koma si choncho. Nsambo za gitala sizipezeka pa Luchenza kapena pa Chitakale, mpaka ukwere ulendo wa ku Limbe kapena ku Blantyre, ndipo chichokereni pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wake sugwirika. Ambiri amamangira waya wa mabuleki a njinga m'malo mwa nsambo yoduka, zala n'kumachekeka. Pa ukwati, ndalama za perekaniperekani zimene anthu amaponya mayiyo akuyimba zimapita m'lichero la akwati. Iye amalandira kangachepe kuseri, nthawi zina mbale ya mpunga basi, pamene mnyamata wobwera ndi fulashi ya nyimbo za ena amatchula mtengo wake n'kulandira usanayambe mwambo. Akasonkhanitsa kandalama n'kupita ku situdiyo, mawu oyamba amene amamva ndi akuti gitala yekha sagulitsa, tiikemo biti. Akavomera, wojambulayo amadzati biti ndi langa, ndiye nyimbonso ndi yathu tonse. Akakana, amauzidwa kuti ndi wachimidzi.

Za kunyumba ndingodutsapo chifukwa aliyense akuzidziwa. Malo ambiri olipira oyimba ndi omwera mowa, ndipo zoyimba zimayamba usiku. Ndi amalume angati kuno kwathu, eni mbumba, amene angalole mwana wa mlongo wawo kukagona ku Muloza chifukwa cha gitala? Ndi amuna angati? N'chifukwa chake atsikana aluso amathera mu kwaya. Kwaya sindikuinyoza, inenso ndine wa chigwirizano cha amayi, ndipo mayi Ethel Kamwendo Banda, amene anayamba kuyimba ali mwana m'bandi ya abale awo asanatembenukire ku nyimbo zauzimu, aonetsa kuti kumeneko munthu angamange dzina lolimba. Koma m'makwaya athu a kumudzi nyimbo ikangophunzitsidwa imakhala ya kwaya. Pa chimbale amalemba dzina la mpingo, la abusa, la wojambula, ngakhale la amene anathandiza ndi galimoto. La mtsikana amene anachezera usiku kupeka nyimbo zisanu mwa khumi silioneka.

Vutoli si la Amalawi okha. Ku America kunali mayi wina dzina lake Elizabeth Cotten, wamanzere, amene ankaliza gitala atamutembenuza. Anapeka nyimbo ya sitima ya pamtunda ali kamtsikana, kenaka anasiya gitala kwa zaka zambiri akugwira ntchito za m'nyumba za anthu. M'zaka za m'ma 1950 nyimboyo inatchuka ku England ikuyimbidwa ndi ena, olembedwa ngati eni ake ali anthu ena, ndipo panafunika kulimbana kuti dzina lake libwerere. Mphoto ya Grammy anadzailandira mu 1985 ali ndi zaka zopitirira 90. Pafupi pompa, Zahara wa ku South Africa, amene atsikana athu ambiri anayamba kusirira gitala chifukwa cha iye, anagulitsa kwambiri chimbale chake choyamba cha mu 2011, koma anakhala zaka akudandaula poyera kuti ndalama za nyimbo zake sakuziona. Anamwalira mu Disembala 2023. Ngati zinamuvuta munthu wodziwika Africa yonse, nanga mwana wa pa Chinakanaka wopanda ngakhale loya?

Komatu njira ilipo, ndipo ena aiponda. Keturah wa ku Mwanza anakana kutaya mayimbidwe a kumudzi, anakajambula chimbale ku California chimene chinatuluka mu 2023, ndipo chimbalecho chimatchedwa ndi dzina lake lomwe. Ku Lilongwe a Music Crossroads akhala akuphunzitsa atsikana kugwira zoyimbira, mpaka kunatuluka Daughters Band ya amayi okhaokha. Ku Blantyre, Jacaranda Cultural Centre inatsegula bwalo la Sounds of Malawi kumene munthu amamvedwa ndi gitala wake anthu atakhala pansi phee. Zonsezi n'zabwino, koma zili m'mizinda. Mayi wa ku Thekerani kuti akafike ku Blantyre n'kubwerera watha malipiro a masiku angapo, ndiponso ana amusiyira ndani?

Ndiye pempho langa lalikulu likupita ku bungwe la COSOMA, loona za umwini wa ntchito za aluso. Bungweli lilipo kuyambira mu 1992, limatolera ndalama ku mawayilesi ndi malo azisangalalo, ndipo masiku ano limagawanso ndalama zochokera ku msonkho wa zipangizo zosungira nyimbo monga mafoni ndi mafulashi. Msonkho umenewo timalipira tonse, ngakhale mayi wothyola tiyi uja pamene ankagula kafoni kake. Koma amalandira ndi okhawo amene analembetsa. Ambiri mwa amayi amene ndikuwanenawa sadziwa n'komwe kuti nyimbo imalembetsedwa, ndipo ena amaganiza kuti mpaka ukhale ndi chimbale chonse kapena uoneke pa kanema. Bwerani kuno, abwana. Ikani tebulo pa Thyolo boma ndi pa Chitakale tsiku la msika, mafomu ali m'Chichewa, ndi munthu wamkazi wofotokoza. Mwezi wa Okutobala anthu miyandamiyanda amasonkhana pa Chonde ku mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, mtunda wochepa kuchokera pano. Tebulo limodzi pamenepo lingalembe amayi ochuluka kuposa amene angakwanitse kukupezani ku ofesi chaka chonse.

Nawonso akuluakulu a Mulhako andimve. Gule wa Tchopa timamunyadira, ndipo mu 2014 bungwe la UNESCO linamuika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse lapansi. Koma chikhalidwe sichinathere pa zimene anatisiyira makolo. Mayi amene akupeka nyimbo lero, m'Chichewa kapena m'Chilomwe, akuwonjezera pa nkhokwe yomweyo. Mupatseni mphindi khumi masana dzuwa likuswa mtengo, pamene amalume ake ndi apongozi ake ali pompo, ndipo wolengeza anene momveka kuti nyimboyi waipeka yekha mayi uje wa m'mudzi mwakuti. Banja likamva dzina la mwana wawo likutchulidwa pamaso pa mafumu, nkhani ya gitala kunyumba imasintha.

Aulutsi a mawayilesi, kuyambira a Mzati konkuno ku Mulanje mpaka a MBC ndi Zodiak, musanaike nyimbo imene mwauzidwa kuti ndi ya makolo yokonzedwanso, funsani kuti makolo ake ati, a mudzi uti, anaimva kwa yani. Funso limenelo lokha lingaopseze akuba ambiri. Inunso atolankhani, mukamalemba za chimbale chatsopano muzitiuza amene anapeka nyimbo iliyonse, osati woyimba yekha.

Kwa inu ana anga ogwira gitala, nyimbo ikangobadwa ilembeni m'kope, muike deti, musayine. Ijambuleni pa foni mawu anu ndi gitala wanu, muyambe ndi kutchula dzina lanu ndi tsiku, mutumize kwa anthu awiri amene mumawakhulupirira. Musalowe mu situdiyo musanagwirizane papepala kuti wopeka ndi inu, wojambula walipidwa ntchito yake ndipo zathera pomwepo, mboni isayine. Wina akakupatsani ndalama, funsani kuti ndi ya chiyani, chifukwa ya thiransipoti ija mawa adzaitcha mtengo wa nyimbo. Ndipo mukaitanidwa ku ukwati, tchulani mtengo wanu musanatuluke pakhomo. Si mwano umenewo.

Ine mbali yanga ndi iyi. Nthawi ya dzinja maukwati amachepa, makina anga amangokhala m'nyumba. Ndine wokonzeka kutulutsa masipika, maikolofoni awiri ndi jenereta ulere Lamulungu masana, kamodzi pa mwezi, ngati pangapezeke sukulu kapena mpingo wotibwereka holo kuno ku Luchenza. Pakhomo anthu azilipira kangachepe, ndalamazo azigawana oyimba okhaokha, ndipo aliyense asanayimbe dzina lake ndi mitu ya nyimbo zake zilembedwe m'buku limene tidzalisunge. Amene ali ndi holo, kapena a COSOMA ngati angafune kudzakhala nafe ndi mafomu awo, andipeze kudzera kwa inu Akonzi.

Mayi wobwereketsa zimkuzamawu,
Luchenza, Thyolo